Mmisiri wa mpingo kwa eni

Mpingo ukamatuma anthu kukayamba ntchito kudziko lina, maso a ambiri amakhala pa abusa ndi alaliki. Komatu pambuyo pawo pamayenda wina atanyamula tepi, levulo, sikweya ndi chingwe. Ine ndine mmodzi mwa amisiri oterowo. Zomangamanga ndinaphunzirira kwathu ku Phalombe, ndipo mpingo wathu unandituma kudera la Cuamba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kuti ndikamange tchalitchi ndi nyumba ya abusa pamalo pomwe Akhristu ankapempherera m'chisakasa cha udzu.

Cuamba si kutali. Njanji yochokera ku Nacala imadutsa pomwepo n'kudzalowa m'Malawi pa Nayuchi. Koma ukangowoloka malire, zonse zimasintha nthawi imodzi. Ndalama ndi metical, m'maofesi ndi m'masitolo n'Chipwitikizi, kumudzi n'Chimakhuwa. Chilomwe chomwe ndinkamva kwa agogo chinandithandiza kutolako mawu, poti zinenero ziwirizi n'zapachibale. Achikulire ena amalankhula Chichewa bwinobwino, chifukwa anakhalapo kwathu pothawa nkhondo yomwe inatha mu 1992. Amenewo ndiwo anandigwira dzanja.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pantchito yathu, kalumoko kamayamba kakhala m'thumba, chifukwa ntchito yoyamba ya mmisiri kwa eni ndi kufunsa. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, ndipo mpingo umayenera kupeza chikalata chogwiritsira ntchito malo chotchedwa DUAT. Chikalatacho pachokha sichikwanira. Tinakaonekera kwa mfumu ya deralo, tinakhala pansi ndi mabanja oyandikana nafe, ena mwa iwo Asilamu, ndipo tinayenda nawo m'malire monse. Poti Amakhuwa nawonso amatsata mtundu kuchikazi, mawu a amayi achikulire pa nkhani ya malo ankalemera kwambiri.

Mayi wina wachikulire anandipeza ndikuyang'ana pamalo athyathyathya pomwe tinkaganiza zokhoma zikhomo. "Amisiri, mwaona mvula ya kuno?" anandifunsa. Ndinati, "Ayi amayi, ndikudikira kuti inu mundiuze." Anandilozera pomwe madzi amadzera mu Januwale ndi Febuluwale, kuchokera kumtunda mpaka kudambo. Tchalitchi tinachisunthira pokwera, pa katondo wolimba. Zoterezi sizilembedwa pa pulani, zimakhala m'mitu ya anthu amene alima pamalopo moyo wawo wonse.

Dothi nalo umalifunsa. Ndimatapa pang'ono, kulinyowetsa, n'kulipota m'manja. Likamaduka msanga ndiye kuti mchenga wachuluka, njerwa idzafumbutuka. Likamanata kwambiri ndiye kuti njerwa idzang'aluka pouma, pafunika kuthirako mchenga. Ndimaumba zochepa zoyesera pa chikombole, kuziyanika pamthunzi, kenako n'kuziwotcha. Njerwa yopsa bwino ukaigogoda ndi inzake imalira ngwee, ndipo ukaigoneka m'madzi usiku wonse m'mawa umaipeza ili gwa.

Miyeso inandisinthanso. Amisiri ambiri kwathu timayankhulabe mafiti ndi mainchesi, pomwe anyamata a kumeneko amadziwa mamita ndi masentimita okhaokha. Sindinawakokere ku zanga, ndinatembenuza tepi n'kuyamba kuwerenga mbali yawo. Pokhoma ngodya ndinawaonetsa njira yakale ija: kuyeza mamita 3 pa chingwe china, mamita 4 pa chinzake, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo pakakwana mamita 5, ngodya yakhala. Mnyamata wina anabwereza yekha pangodya yachiwiri, zitatheka anaitana anzake kuti adzaone. Kuyambira tsikulo ngodya zonse ankakhoma ndi iyeyo, ine ndinkangodzatsimikiza. Manambala a Chipwitikizi ndinawaphunzira kwa iwo pomwepo, poitanitsa njerwa ndi kuwerenga mafosholo a mchenga, asanu ndi limodzi pa fosholo imodzi ya simenti.

Pa denga sindinyengerera. Mphepo za kunyanja ya mchere zimalowa mpaka kumtunda, ndipo namondwe Gombe atawomba ku Nampula mu 2022 nyumba zambiri zinasasuka. N'chifukwa chake waya womangira mitanda ndimaukwirira m'khoma mizere ingapo pansi, osati kungoukoleka pamwamba. Matabwa timapaka oyilo wakutha kuti chiswe chisayandikire, ndipo malata timawatulutsa kunja mokwanira kuti mvula isamanyambite khoma.

Moyo wapakhomo unali ndi zakezake. Nsima ya ufa wa chinangwa ndi chigwada chotendera ndinazizolowera msanga, poti ndinkadyera mbale imodzi ndi anthu amene ndinkagwira nawo ntchito. Chovuta chinali kusungulumwa madzulo, banja lili kutali, ndiponso Lamulungu kukhala m'mapemphero osamva theka la ulaliki. Komabe nyimbo zina ndinkazizindikira ndi kaimbidwe kake, ndipo ndinkaimba nawo m'Chichewa iwo akuimba m'chinenero chawo.

Ntchito imeneyi si yachilendo m'mbiri ya mpingo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi anthu akuderalo omwe anaphunzirira luso pa ntchito pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndipo chikadali chilili. Ine phunziro lomwe ndimatengapo ndi lakuti mishoni yokhazikika ndi imene manja a eni agwirapo. Tchalitchi chomangidwa ndi alendo okha, khoma likang'aluka anthu amadikira alendowo kuti abwerenso. Koma chomwe amayi anatungira madzi, abambo n'kuumba njerwa, anyamata n'kukhoma ngodya, eni ake amachikonza okha osauzidwa.

Choncho kwa mmisiri mnzanga amene mpingo ukumutuma kunja, langizo langa ndi ili: musathamangire kukumba maziko. Yambani mwaphunzira moni, mudziwe mfumu ndi oyandikana nawo, mufunse za madzi ndi mphepo. Mukayamba kumanga, chida chilichonse chomwe mwagwira pakhale wina wakomweko amene akuchigwira nanu. Tsiku lobwerera kwanu lidzafika, ndipo mpingo watsopanowo udzafunika sukulu, chitsime ndi matchalitchi ena m'midzi yozungulira. Amene adzamange zimenezo ndi anthu omwe mwawaphunzitsa.