Mwala womwe ankauyesa ruby

Anzanga, pa periodic table yomwe timaloweza mu Chemistry ija pali maelementi awiri omwe ambirife timangowadumpha: boron, nambala 5, ndi zirconium, nambala 40. M'nthaka awiriwa sakonda kukhala malo amodzi. Koma akakumana, pamodzi ndi calcium, aluminium ndi oxygen, pamabadwa mwala wotchedwa painite, umodzi mwa miyala yosowa kwambiri padziko lapansi. Nkhani yake yandigwira mtima, ndiye ndati ndikugawireniko.

Painite adapezeka koyamba ku Myanmar, dziko lomwe kale linkatchedwa Burma, m'dera la Mogok lomwe ndi lotchuka ndi miyala ya ruby. M'zaka za m'ma 1950, Mngelezi wina wochita malonda a miyala yamtengo wapatali, Arthur Pain, adapeza kamwala kofiira moderako komwe kankaoneka ngati ruby. Akatswiri a ku British Museum ku London atakayeza, adapeza kuti ndi mtundu watsopano, ndipo mu 1957 adaupatsa dzina la mkuluyo. Ndiye musaganize kuti dzinali likunena za ululu ayi, ndi dzina la munthu basi.

Nanga n'chiyani chikuusiyanitsa ndi ruby? Ruby ndi aluminium ndi oxygen, kuphatikizapo chromium pang'ono yomwe imaufiiritsa. Mulibe boron, mulibe zirconium. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, dayamondi ali pa 10, ruby pa 9, painite pa 8. Painite amakhala ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo, ndipo ukamutembenuza pa kuwala, mbali ina amaoneka wofiira, mbali ina wotuwirako ngati njerwa. Komabe ndi maso okha ukhoza kupusitsika. Pamafunika kuyeza ndithu.

Tamvani izi tsopano. Mpaka chaka cha 2001, timiyala ta painite todziwika padziko lonse tinali titatu tokha. Titatu! Kenako tina tidapezeka ku Namya, kumpoto kwa Myanmar, ndipo mu 2005 tidayamba kutuluka tambiri pafupi ndi Mogok pomwepo. Lero tilipo masauzande, ngakhale toyera bwino toti n'kudulidwa kupangira mphete n'tochepa kwambiri.

Apa ndi pomwe ine mutu umaima. Mwalawo unali m'nthaka zaka zonsezi, m'dera lomwe anthu akhala akukumba kuyambira kalekale. Chomwe chinkasowa kwenikweni ndi anthu odziwa chomwe akufunafuna.

Kuno kwathu miyala iliponso. Ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu kumatuluka ruby, ku Mzimba aquamarine. Sindikunena kuti painite ali kuno, musathamangire makasu. Ndikunena kuti munthu wokumba tsiku lonse koma osadziwa dzina la mwala womwe wagwira, amangovomera mtengo uliwonse womwe wogula watchula. Akuluakulu adati kusadziwa n'kufa komwe.

Ine ndikufuna kudzaphunzira sayansi ya miyala, mwina n'kudzagwira ntchito ku Geological Survey ku Zomba, kuti wokumba akabwera ndi kamwala m'thumba, adzapeze mwana wa kwawo womuuza zoona zake. Njira yopitira kumeneko ikudutsa mu Chemistry ndi Geography yomweyi timaithawa ikakwana piriyodi yomaliza. Mawa aphunzitsi akamalowa, ine mundipeza kutsogolo. Inu bwanji?