Tisanagule kompyuta ina, tiyambe taifunsa

Pa wailesi za m'madela ngati yathu, mau akayamba kudukaduka pa mphepo, ciweluzo cimafulumila: kompyuta yakalamba, tigule ina. Koma ndalama zake ndi zomwe zija za mafuta a jeneleta ndi za thilansipoti ya opita kukajambula mau a alimi kumidzi. N'cifukwa cake ine ndimati tiyambe taifunsa kompyutayo comwe cikuivuta.

Mkati mwa purosesa muli timamita towelenga nchito yake, monga mmene kalaliki wa pa depoti amawelengela matumba a cimanga. Timawelenga kugunda kwa wochi yake (cycles), malamulo amene yamaliza (instructions), ndi nthawi zimene yasowa cinthu mu cache n'kupita kukacitenga ku RAM. Cache ili ngati ufa wa m'cidebe ca kukhichini, RAM ndiye kucigayo. Wophika akamapita kucigayo pafupipafupi, nsima imacedwa ngakhale moto uli bwino.

Pa Linux, cida cowelengela timamita timeneti ndi perf, cimene cinalowa mu kernel mu 2009. Mukalemba perf list muona zonse zimene purosesa yanu ingawelenge. Mukalemba perf stat -p ndi nambala ya pulogilamu imene ikuulutsa mau, muona ziwelengelo zake. perf top imakuonetsani pomwepo mbali imene ikudya nthawi yambili. Ikakukanizani, yang'anani perf_event_paranoid mu /proc/sys/kernel, kapena yambani ndi sudo.

Timamita ndi tocepa. Mukapempha zinthu zambili nthawi imodzi, perf imatisinthanitsa n'kuyelekezela zotsalazo, ndipo imalemba peresenti pambali kuti mudziwe. Conco pemphani zocepa, ziwili kapena zitatu.

Kwa ife yankho linacokela pa mzele wa cycles, pamene perf imalemba liwilo mu GHz. Mu Okutobala, masana, pulogilamu ili pa nchito yolemetsa, liwilo linali kutsika kwambili kuposa la m'mawa. Purosesa ikatentha imadzicepetsela liwilo yokha kuti isapse. Titatsegula bokosi tinapeza fani yatsekeka ndi fumbi la cilimwe conse. Tinapukuta, tinapaka thermal paste yatsopano, ndipo pulogilamu ya zaulimi inapita pa mphepo mosadukiza.

Sikuti nthawi zonse vuto limakhala fumbi. Kwina perf ingaonetse kuti purosesa ikugwila nchito ndi mphamvu zake zonse koma sikukwanitsa, ndipo apo kugula ina n'koyenela. Kusiyana kwake n'kwakuti mumapita ku komiti muli ndi manambala m'manja. Amai amene amapeleka K20 kuti cilengezo ca malilo cimveke ayenela kudziwa kuti ndalama zao sitinazigwilitse nchito mongoganizila.