Zomwe Ndinazipeza pa Manda a George Lohmann

Ndakhala ndikuyendetsa galimoto ya abwana anga ku Cape Town kuno kwa zaka 4, malipiro osasintha. Mwezi uliwonse ndinkati ndiwauza, koma ndikangowaona, pakamwa pankauma gwa.

Chaka chatha tikupita ku Johannesburg, anandiimitsa pafupi ndi Matjiesfontein, kuchipululu kwa miyala ndi tizitsamba. Tinalowa m'manda ena, iwo n'kuvula chipewa pa chiliza cha George Lohmann. Anandiuza kuti anali katswiri woponya mpira wa kiriketi, wa timu ya Surrey ku England. M'masewero 18 oimira dziko lake anatulutsa omenya mpira 112. Atadwala chifuwa chachikulu anabwera kuno kudzasaka mpweya wouma, ndipo anamwalira mu 1901 ali ndi zaka 36.

Usiku, ndili gone kuchipinda cha madalaivala, ndinafufuza dzinali pafoni. Ndinapeza mbali yomwe abwana sanainene.

Masiku amenewo ku England osewera anali pawiri. Kunali mabwana oti amasewera pongosangalala, ndiye kunali olembedwa ntchito ngati Lohmann, omwe ankavalira m'chipinda chawochawo. Komatu ena mwa mabwanawo, monga W. G. Grace, ankalandira ndalama zochuluka m'dzina la zolipirira ulendo.

Mu 1896, England isanakumane ndi Australia pabwalo la The Oval, olembedwa ntchito 5 anapempha mapaundi 20 m'malo mwa 10. Akuluakulu atakana, Abel, Hayward ndi Richardson anabwerera m'mbuyo. Lohmann ndi William Gunn sanasewere. Chaka chomwecho Lohmann anali atatulutsa anthu 9 pa ulendo umodzi ku Johannesburg, koma sanadzaseweretsenso England.

Kunena zoona, nkhaniyi inandiopsa isanandilimbitse mtima. Ngati katswiri wotero anataya malo, kuli bwanji ine, wokhala ndi ana awiri pasukulu ku Dedza? Komanso atatu anagonja aja sindiwanyoza ayi. Ndikuwadziwa bwino, ndakhala mmodzi wa iwo zaka 4.

Pobwerera, titangodutsa manda aja, ndinachepetsa wailesi.

"Bwana, ndili ndi mawu pang'ono pa za malipiro."

Anakhala chete mtunda wautali, kenako anati tikakambirana tikafika. Anandiwonjezera, ngakhale sizinafike pomwe ndinapempha. Ntchito ndikadali nayo. Ndikamadutsa pa Matjiesfontein masiku ano, chipewa ndimavula ndekha.