Wothyoka msana satembenuzidwa ndi munthu mmodzi

Mango akayamba kupsa, ife anamwino a kuno ku Katete timadziwiratu zimene zikubwera: mnyamata wagwa mumtengo, miyendo sakuyimva. Ena amagwa pangolo ng'ombe zikadzidzimuka, ena ndi a ngozi za njinga zamoto pamsewu wa Great East Road. Ambiri a ku Katete ndi ku Sinda amafikira ku St Francis', chipatala chimene chinayamba mu 1948, choyendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika.

Wodwala wotere amatembenuzidwa ndi anthu anayi. Namwino wamkulu amaima kumutu, manja ake atachirikiza mutu ndi khosi, ndipo amene amawerenga ndi iye yekha. Atatu enawo amandanda mbali imodzi, wina pamapewa, wina m'chiuno, wina pamiyendo. Namwino wamkuluyo akati "tatu", thupi lonse limagubuduka pamodzi ngati chipika, mphuno ndi mchombo zili pamzere umodzi. Mmodzi akafulumira, fupa lothyokalo lingathe kukanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo munthu amene akanayenda sadzayendanso. Wodwalayo akagona cham'mbali amamuikira pilo kumsana, wina pakati pa mawondo, ndipo zidendene siziyenera kukhudza matiresi.

Ntchito imeneyi imabwerezedwa maola 2 alionse, usiku womwe. Munthu wosamva ululu sadzisuntha, choncho khungu la pachiuno, m'munsi mwa msana ndi pazidendene limafa iye osadziwa. Namwino amadina ndi chala pamene pafiira kapena pada kuposa ponse. Mtundu ukapanda kusintha, chilonda chayamba kale mkati, ndipo kusisita pamenepo n'kuwonjezera vuto. Nsalu yokwinyika, mkodzo, ngakhale nyenyeswa za nsima pabedi, zonsezi zimaboola khungu.

Anamwino ndi ochepa, n'chifukwa chake odwazika timawaphunzitsa ndi manja, chifukwa wodwala akabwerera kumudzi otembenuza adzakhala iwowo. Agogo ena amagwira lusoli msanga kuposa ophunzira a unamwino.

Koma zambiri zimawonongekera panjira, makamaka m'misewu ya fumbi ya m'midzi ya ku Vubwi. Munthu akagwa n'kumadandaula khosi, msana kapena dzanzi m'miyendo, musamudzutse, musamubereke, musamukweze panjinga. Zulani chitseko, mugonekeni chagada pachitsekopo, ikani zitenje zopinda mbali zonse za mutu, mummange bwino, ndiye mubwere naye.