Pa Mussacama Mapikapu Atsopano Amagona Panjira

Munthu wochokera ku Tete kupita ku Ulongwe amadzera ku Moatize, nasiya mseu wa ku Zóbuè pa mphambano ya Mussacama. Kuyambira apo mseu ungokwera, kutentha kwa ku Zambezi kumatsala m'mbuyo, ndipo mphepo ya ku Angónia imayamba kuwomba.

M'zitundazi wapaulendo amaona chodabwitsa. Pikapu yakale yofuka utsi ikukwera bwinobwino, pamene yatsopano yonyezimira yaima pambali, boneti ili yasa!

Kawirikawiri mlandu uli pa dizilo. Injini zatsopano zimapopera mafuta kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri. Dizilo wa m'zigubu akakhala ndi madzi kapena fumbi, timabowoto timatsekeka kapena kudyeka. Kompyuta ya m'galimoto ikazindikira vuto imayatsa nyali ndi kuchepetsa mphamvu. Makaniko wa pansi pa mtengo, amene ankapeza matenda a injini ndi khutu lokha, amangogwira njakata, pakuti pafunika makina oyezera. Mwini galimoto amagona pomwepo, ngongole ikumudikira.

Pobwerera ndiye pali zoopsa. Pikapu yoyenera tani imodzi imasenza matumba a kachewere wa ku Tsangano mopyola muyeso, anthu atakhala pamwamba. Dalaivala akamangoponda mabuleki pamtsetse osatsitsa giya, mabuleki amatentha naleka kugwira.

Eni mapikapu, thirani mafuta pa pampu, sinthani fyuluta nthawi yake, chepetsani katundu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.