Kwa Tadala, za kabati ya azakhali ako

Mwana wanga Tadala,

Kuno ku Ndirande tadzuka bwino. Mwendo wa amayi ako wayamba kuphwa, dzulo anafika okha kumsika. Mlongo wako Yamikani akumabwera ku shedi akaweruka kusukulu, ngakhale ntchito yomwe amaikonda ndi yothira vanishi basi.

Mapepala a kabati ya azakhali ako a ku Machinjiri ndalandira. Chithunzicho n'chokongola, mama. Anyamata a ku shedi amachita kulandirana, wina mpaka anafunsa kuti kabati imeneyi ili m'sitolo iti. Ine ku Soche Technical ndinaphunzira kujambula ndi pensulo, mbali imodziimodzi: kutsogolo, m'mbali, pamwamba. Iwe ku MUBAS, komwe ife akale timangoti ku Poly ngakhale dzina lidasintha mu 2021, ukutembenuza kabati yonse pa laputopu mpaka kuiona kunsi. Ndimakunyadira.

Koma sindinadule bolodi ngakhale imodzi, ndipo usakwiye.

Pa pepala lachiwiri kuya kwa kabati kwalembedwa 597 mm, kutsogolo kwake kuli kamzere kopindika. Ndinapita nalo kwa mnyamata wina wojambula mapulani a nyumba ku Chilomoni. Iye anangoseka. Akuti pulogalamu yako ya SketchUp imaika kachizindikiro kameneko pamene muyeso si wathunthu, ndiye kuti unakoka mzere ndi mausi n'kusiya pomwe diso lako linakhutira. Akuti ukayamba kukoka mzere, uzisiya mausi, ulembe 600 ndi kudina Enter, nambalayo ioneke m'kabokosi ka miyeso kamene kali pansi kudzanja lamanja. Unkafuna 600 kapena 597? Ine sindingalote, mwanawe. Tepi yanga imawerenga zolembedwa.

Mnyamatayo anatinso usanajambule kanthu uziyamba waona ngati pulogalamuyo ili pa mamilimita kapena pa mafiti ndi mainchi. Apa mpomwe pamandiopsa kwambiri, chifukwa kuno timagwiritsa ntchito zonse ziwiri tsiku limodzi. Wogulitsa matabwa a paini pamsika wa Ndirande akuuza kuti "sikisi bayi thu", iwe pa pepala walemba mamilimita. Inchi imodzi ndi 25.4 mm, choncho thabwalo liyenera kukhala pafupifupi 152 mm ndi 51 mm. Liyenera kutero, koma limabwera mmene macheka analidulira, ndipo ndikalipala limachepanso. Usaganize kuti zosokoneza miyeso ndi za amisiri a m'makwalala okha. Mu 1999 a NASA adataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina linkayembekezera ma newton. Anthu ophunzira kutiposa tonsefe.

Tsopano za makulidwe a bolodi. Kabati yako m'lifupi ndi 900 mm, mashelefu am'kati walembanso 900 mm. Nanga mbali ziwirizo zikhala pati? Bolodi imene tigule ndi ya 18 mm. Chotsa 18 uku ndi 18 uko, shelefu ikhala 864 mm. Pa kompyuta mbali ya kabati ingathe kukhala yopyapyala kuposa tsitsi ndipo chithunzi chioneka bwinobwino, koma azakhali ako akufuna kuikamo mbale. Uzipatsa chidutswa chilichonse makulidwe ake enieni, ndipo pozungulira chitseko uzisiya mpata wa 2 mm kapena 3 mm. Mvula ikayamba mu Disembala thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma. Chitseko chomwe chimatseka bwino mu Okutobala chimadzafuna phewa mu Febuluwale.

Pali kena komwe kompyuta siingakuuze pokhapokha utaiuza ndiwe. Bolodi imodzi ndi 2440 mm m'litali, 1220 mm m'lifupi. Iwe wagawa 1220 panayi, wapeza 305, n'kulemba kuti mutuluka zidutswa zinayi zofanana. Masamu ali bwino. Koma sowo imadya, mama. Ikadutsa kamodzi, pafupifupi 3 mm yasanduka utuchi womwe Yamikani amasesa madzulo. Kudula katatu ndi 9 mm. Zidutswa zitatu zituluka 305, chachinayi 296, ndipo ine ndidzaima pamaso pa azakhali ako kupempha ndalama ya bolodi ina. Ukudziwa mmene amayang'anira munthu akamva za ndalama yoonjezera.

Ndiye funso lomwe landisowetsa tulo: miyeso ya khoma unaitenga kuti? Amayi ako akuti azakhali anakuuza pa foni. Tadala! Khoma lija ndi la njerwa zoumba pamanja, pulasitala wake pena wanenepa pena waonda. Pulogalamu yako imajambula ngodya iliyonse yoongoka ndendende, koma m'nyumba zambiri zomwe ndalowamo ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi kuno kwathu, ngodya yotere ndi yosowa. Mpata wa kabati umayezedwa pansi, pakati ndi pamwamba, n'kutenga nambala yaing'ono pa zitatuzo. Ngodya umaiyesa chonchi: 600 mm kukhoma ili, 800 mm kukhoma linalo, ndipo pakati pa madontho awiriwo payenera kukwana 1000 mm. Pakapanda kukwana, jambula khomalo mmene lilili, lopotoka choncho, kabati ilowe m'nyumba yeniyeniyo.

Khomo nalo unaliyeza? Mafelemu achitsulo ambiri omwe timaona ndi a chitseko cha 813 mm m'lifupi, 2032 mm kutalika. Kabati yako ndi yaitali 2100 mm, ndipo kakhonde ka azakhali n'kopanikiza, sitingaigoneke n'kuikhotetsa bwino. Akulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Uijambule m'zigawo ziwiri, chapansi ndi chapamwamba, tikazilumikize komweko ndi masikuluwu. Zithandizanso anyamata onyamula, chifukwa kuchoka ku shedi kukafika pamsewu pomwe galimoto imaima ndi kanjira ka miyala.

Sindikunena kuti usiye kompyuta. Ndikufuna mapepala ako adzafike m'manja mwa kalipentala kapena wowotcherera yemwe sakukudziwa, iye n'kudula osakuimbira foni. Ine ndine bambo ako, ndikhoza kukonza mwakachetechete. Mlendo adzangodula zomwe walemba, ndipo ndalama yoonongeka idzafunsidwa kwa iwe.

Loweruka ubwere m'mawa laputopu ili yodzaza moto, magetsi kuno sitiwadalira. Tikwera minibasi limodzi kupita ku Machinjiri, ine nditenga tepi, sikweya ndi levulo. Ndizikuuza nambala, iwe uzilemba pomwepo. Amayi ako akuti usadye kanthu panjira, aphika nyemba, komanso ubweze kontena yawo ya buluu ija.

Ndine bambo ako.