Tinayang'ana Mwana, Tinaiwala Amace

Ndifuna kukusimbirani cimene cinagwa m'nyumba yanga, pakuti ndiyesa kuti colakwa canga cikhoza kutsegula maso a ena.

M'caka ca 2005, pa nyengo ya kupalira, mkazi wanga anacira mwana wamkazi pa miyezi 7 yokha. Asanafike masiku amenewo, mapazi ace anatupa, mutu unamwawa, ndi maso ace anacita cidima. Ena pamudzi ananong'ona kuti ndi tsempho, kuti kapena ine ndinayenda njira zosayenera. Koma a kucipatala anapeza kuti mwazi wace ulikuthamanga kopitirira muyeso, nafulumiza kubadwa kwa mwana, kuti apulumutse onse awiri.

Mwanayo analemera kilogalamu 1 ndi theka. Anamwino anatiphunzitsa kumfukata pacifuwa, khungu ndi khungu, usana ndi usiku, monga icita nyama ya ku Australia yochedwa kangaru. Njira imeneyi inayamba ku Bogotá, m'dziko la Colombia, m'caka ca 1978. Amai a mu Mpingo anadza ndi ufa ndi nkhuni, ndipo funso lao linali limodzi: "Mwana wagona bwanji?" Ngakhale ine sindinafunsa lina. Potitulutsa, namwino anati, "Mai, muzidzayezetsa mwazi wanu, ngakhale mwana atakula." Tinapita kawiri, poona kuti kutupa kwaphwa, tinaleka.

Zinapita zaka 16. Tsiku lina m'caka ca 2021, pocokera kudambo ndi ndowa pamutu, mkazi wanga anakhala pansi m'njira, nati, "Bambo, pacifuwa pandilemera ngati wina wandisanjikira mtondo." Tinamtengera kucipatala pa njinga. Sing'anga atamuyeza, anapeza kuti mwazi wafika 180 pa 110, ndi kuti mtima watopa ndi nchito ya zaka zambiri. Pamenepo anamfunsa, "Mai, ana anu onse anabadwa pa masiku ao?" Ine ndinazizwa, ndinati mumtima, Nkhani ya kale lomwe ilowapo bwanji? Koma iye anatimasulira, ndipo zina ndaziwerenga pambuyo pace.

Mimba ikwanira pa masabata 40. Mwana wobadwa asanakwane masabata 37 ndiye wofulumira. Bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse linawerenga kuti m'caka ca 2020 anabadwa ana otere 13.4 miliyoni, ndiko kuti mmodzi mwa 10 ali onse. Kuno ku Malawi, m'caka ca 2010, anayesedwa 18 mwa 100. Tsono m'caka ca 2017 ophunzira a ku America analengeza cimene anapeza mwa anamwino oposa 70,000: amai amene anabala masiku asanakwane anadwala nthenda za mtima ndi kufa ziwalo koposa anzao, ndipo iwo amene anabala asanakwane masabata 32 anawirikiza kawiri. Ku Sweden, m'caka ca 2020, atalondola mbiri ya amai oposa 2 miliyoni, anaona kuti ciopsezoco cikhalabe zitapita zaka 40.

Musaganize kuti mwana ndiye aononga mtima wa amace, iai. Mkazi akakhala ndi pakati, mwazi wace uonjezeka pafupifupi ndi theka, ndipo mtima ndi mitsempha zisenza katundu amene sizinasenzepo. Monga mvula yoyamba ionetsa pamene denga lidontha, koteronso mimba iulula kufooka kumene kunabisala m'mitsempha. Si mai ali yense wobala msanga amene adzadwala, pakuti malungo, mapasa ndi nthenda zina zifulumizanso mwana. Komatu cenjezo laperekedwa, ndipo wanzeru afolera denga mvula yaikuru isanadze. Ife tinaona kudontha, tinangosuntha mphasa.

Cifukwa cace ndikupemphani, alongo anga amene munabala masiku asanakwane: yezetsani mwazi wanu caka ndi caka, ngakhale simumva kuwawa, pakuti nthenda iyi iyenda mwakacetecete. Ukafika 140 pa 90 kapena kuposa, musazengereze. Muuzeni sing'anga za kubala kwanu, angakhale iye sanafunse, ndipo zilembedwe m'buku lanu la kucipatala. Makolo athu anaopa mcere cifukwa ca mdulo. Ife tiuope pa cifukwa coona, kuti wambiri uthamangitsa mwazi. Muyeso wa munthu pa tsiku usafike magalamu 5, ndiyo supuni yaing'ono imodzi. Lekani fodya, wosuta ndi wa pamphuno yemwe. Ndipo mukapatsidwa mankhwala, musawasiye pamene mwapeza bwino.

Ndi inu amuna anzanga, musatsate mapazi anga. Ndinapangana pamaso pa Mulungu ndi Mpingo kumsunga mkazi wanga, koma mau a namwino ndinawataya cifukwa ca utali wa njira ndi nchito ya m'munda.

Mwa cifundo ca Ambuye mkazi wanga ali moyo, ngakhale khasu agwira pang'ono pokha, ndipo mtondo anausiyira ena. Mwana uja tinamfukata pacifuwa wakula, ndipo ndiye akumbutsa amace tsiku la kucipatala. Mukapita kukaona khanda lobadwa msanga, mutafunsa za mwana, funsaninso za amace. Ndipo muzifunsabe pakupita kwa zaka.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mkulu wa Mpingo.